Magazi a mayi wa kuchigwa: zimene zimawabwezera ndi zimene zimawatayitsa

Mayi wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje amataya magazi m'njira zambiri kuposa zimene iye mwini amawerengera. Pali msambo wa mwezi ndi mwezi, pali uchembere, pali malungo amene udzudzu wa m'madambo a Shire umabweretsa pafupifupi chaka chonse. Palinso likodzo lotengedwa pochapa m'ngalande ndi m'mathamanda, komanso njoka za m'mimba zoyamwa magazi zimene zimalowera kuphazi munthu akamalima m'dimba opanda nsapato. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015-16 anapeza kuti mayi mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 15 mpaka 49 ali ndi magazi ochepa, ndipo mwa oyembekezera anali 45 mwa 100 aliwonse. Chodetsa nkhawa n'chakuti kufooka, chizungulire ndi kuthamanga mtima zimazolowereka, mayi n'kumangoti ndi dzuwa la kuchigwa kuno. Magazi otuluka pa nthawi yosayenera nawonso amapezeredwa chifukwa: wina amati ndi jakisoni wolera, wina amati ndi mauka, wina amati ndi ukalamba. M'zifukwa zimenezi ndi mmene khansa ya khomo la chiberekero imabisala.

Tiyambe ndi mbale, popeza ndiyo ili m'manja mwanu tsiku ndi tsiku.

Magazi, minofu, khungu, mkaka wa m'mawere ndi chitetezo cha m'thupi zonsezi zimamangidwa ndi mapuloteni, zija alangizi a zaumoyo amati zakudya zomanga thupi. Thupi silisunga mapuloteni padera monga limachitira ndi mafuta. Akasowa m'mbale, limayamba kugumula minofu ya mayi yemweyo kuti lidyetse mwana wa m'mimba kapena wa kubere. N'chifukwa chake kusikelo amayeza mkono: woyembekezera kapena woyamwitsa amene mkono wake sukufika masentimita 23 ndiye kuti thupi layamba kudzidya lokha.

Muyezo wa bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO ndi magalamu 0.83 a mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi patsiku. Mayi wolemera makilogalamu 55 afunika magalamu 46. Pakati pakakhala pa miyezi itatu yoyamba, kusintha n'kochepa. Pa miyezi itatu yapakati awonjezere magalamu 9, ndipo pa miyezi itatu yomaliza awonjezere magalamu 31, kutanthauza kuti afunika 77. Woyamwitsa mwana wosakwana miyezi 6 awonjezere 19. Onani kuti nthawi imene thupi likufuna zambiri ndi yomweyo imene mimba yakula moti mayi sangathe kudya zambiri nthawi imodzi, ndiye ayenera kudya pang'onopang'ono kanayi kapena kasanu patsiku.

Nsima yokha siingakwanitse. Ufa wa magalamu 300, womwe ndi pafupifupi nsima ya masana ndi madzulo ya munthu mmodzi, umapereka magalamu ngati 24. Mapira ndi mchewere, mbewu zimene zimapirira chilala cha kuno, zili ndi mapuloteni ochulukirapo kuposa ufa woyera, ndipo sitiyenera kuzinyoza kuti ndi chakudya cha chaka cha njala. Komabe mapuloteni a chimanga, mapira ndi mchewere ndi operewera, chifukwa muli chigawo china cha mapuloteni chotchedwa lysine chochepa kwambiri. Lysine amapezeka wambiri mu nyemba, khobwe, nandolo, soya, nsomba, mazira ndi mkaka. Choncho nsima ikakumana ndi khobwe m'tsiku lomwelo, thupi limagwiritsa ntchito bwino mapuloteni a zonse ziwiri. Nsima ya masamba opanda nsinjiro, masana ndi madzulo, imakhutitsa koma imasiya mayi ali pa theka la zimene akufunika.

Nanga 77 uja angakwane bwanji pakhomo wamba? Nsima ija yapereka 24. Phala la mgaiwa la m'mawa lipereka 4, ndipo mukathiramo masipuni awiri odzadza a nsinjiro mwawonjezera 5. Kapu imodzi ya khobwe wophika ili ndi 13 (nandolo 11, nyemba 15). Dzanja limodzi la matemba kapena usipa wouma, ngati magalamu 30, lili ndi 17. Dzira limodzi 6. Kapu ya mkaka 8. Mukawonkhetsa zakwana 77, popanda nyama. Tikudziwa kuti si khomo lililonse limene lingapeze zonsezi tsiku limodzi, makamaka kuyambira Disembala mpaka Malichi. Koma masamu amenewa akuonetsa pamene ndalama yochepa ingagwire ntchito yaikulu: nsomba zing'onozing'ono zouma. Zimadyedwa ndi mitu ndi minga yomwe, ndiye kuwonjezera pa mapuloteni zimaperekanso kashiamu wolimbitsa mafupa ndi ayironi wopanga magazi. Zikachepa, zikazingeni pang'ono, muzisinje, muzithira sipuni imodzi m'phala kapena m'masamba. Mlamba, makakana ndi nsomba zina za mu Elephant Marsh, chidutswa cha magalamu 100 chili ndi magalamu 18 mpaka 20, mofanana ndi nyama ya mbuzi.

Pali zinthu zingapo zimene zimalakwika apa. Choyamba ndi kagawidwe ka ndiwo. Pakhomo pambiri mbale ya bambo imayamba, kenako ana, mayi n'kutsala ndi msuzi. Abambo ndi apongozi, izi zikukhudza inu: miyezi itatu yomaliza ya pakati ndi miyezi isanu ndi umodzi yoyamba kuyamwitsa, palibe munthu wina pakhomopo amene thupi lake likufuna ndiwo kuposa mayiyu. Chachiwiri ndi miyambo yoletsa woyembekezera kudya mazira kapena mlamba. Dzira silimeta mwana tsitsi ndipo silitseka njira yobadwira. Chachitatu, chigwa chino chili ndi ng'ombe ndi mbuzi zambiri, ku Ngabu msika wake ndi wodziwika, koma ziweto zimasungidwa ngati chuma ndipo mkaka sufika pakamwa pa mayi. Mkaka wa mbuzi ndi wabwino ngati wa ng'ombe. Uwiritseni kaye nthawi zonse, ngakhale mukufuna kupanga chambiko, chifukwa mkaka wosawiritsa umafalitsa TB ya ng'ombe ndi matenda ena a ziweto.

Za cham'mwamba tinene mosapita m'mbali. Masamba ake ndi ndiwo yabwino ndipo mtengowu umakula bwino kuno, koma sipuni ya ufa wake ili ndi mapuloteni osapitirira magalamu awiri. Siulowa m'malo mwa nsomba kapena khobwe, ndipo suchiza khansa ngakhale ogulitsa atanena motani. Soya ndi wamphamvu kwambiri, koma wosapsa amatupitsa m'mimba ndipo amalepheretsa thupi kugaya mapuloteni. Muwiritseni kwa mphindi 30 kapena mumukazinge mpaka fungo lauwisi litachoka musanapite naye kuchigayo. Mtedza wachuku, wofwifwa kapena wowawa tayani, musaupange nsinjiro, pakuti chuku chimenechi chili ndi poizoni wa aflatoxin amene amawononga chiwindi. Ndipo khobwe kapena nandolo wosunga musamuthire mankhwala opopera thonje pofuna kupha anankafumbwe. Muumitseni bwino, mumusunge m'matumba otseka mpweya a PICS kapena m'chigubu chotsekeka.

Mapuloteni okha sabweza magazi popanda ayironi. Ayironi wa mu nsomba, nyama ndi chiwindi amalowa m'thupi mosavuta. Wa mu nyemba ndi masamba amafuna chothandizira, chomwe ndi vitamini C: malambe, masau, ndimu kapena tomato pa chakudya chomwecho. Tiyi amachita zosiyana, amatsekereza ayironi, choncho mwani patatha ola limodzi kapena awiri mutadya. Mapiritsi owonjezera magazi a kusikelo amwedwe tsiku lililonse. Amadetsa chimbudzi ndipo ena amachita nawo mseru, koma zimenezi si zoopsa. Kumwa usiku mutadya kumachepetsa mseruwo. Fansidar wa oyembekezera amayamba pakati pakakwana masabata 13, ndipo amwedwe kosachepera katatu, motalikirana mwezi. Amene anauzidwa kuchipatala kuti impso zawo sizili bwino asawonjezere mapuloteni asanafunse dokotala.

Kuyezetsa musanadwale

Chakudya chimabwezera magazi, koma sichitseka pamene akudonthera. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi ambiri pa dziko lonse lapansi. Ziwerengero za 2020 zinaonetsa amayi 4,145 opezeka nayo m'chaka chimodzi ndi 2,905 omwalira nayo. Chowawa n'chakuti khansa imeneyi ndi imodzi mwa zopeweka kwambiri.

Imayamba ndi kachilombo ka HPV, kamene kamafala pogonana. Ndi kofala kwambiri moti anthu ambiri amene anakhalapo malo amodzi ndi mnzawo amakatenga nthawi ina, ndipo mayi wokhulupirika pa banja lake akhoza kukatenga kwa mwamuna wake mmodzi yemweyo. Kwa ambiri thupi limakachotsa lokha m'chaka chimodzi kapena ziwiri. Kwa ena kamakhazikika pa khomo la chiberekero, pamalo pamene khungu la kunja limakumana ndi la m'kati, n'kumasintha timaselo ta pamenepo pang'onopang'ono. Mitundu iwiri, HPV 16 ndi 18, ndiyo imayambitsa 70 mwa khansa 100 zilizonse za mtunduwu. Kuchoka pa kusintha koyamba kufika pa khansa yeniyeni pamatenga zaka 15 mpaka 20. Kwa mayi amene chitetezo chake chatsika, monga amene ali ndi HIV koma sakumwa ma ARV, zaka 5 mpaka 10 zikwana, ndipo amayi amene ali ndi HIV ali pa chiopsezo chochuluka kasanu ndi kamodzi. Kukwatiwa ali wamng'ono, kubereka ana ambiri ndi kusuta fodya kumawonjezeranso chiopsezo.

Zaka zonsezo palibe kupweteka, palibe fungo, palibe magazi. Mayi amalima, amatunga madzi, amabereka. Apa ndi pamene pali nkhani yonse: kuyezetsa n'kwa munthu amene akumva bwino. Kuli ngati kuzula kaufiti m'munda wa mapira asanachite maluwa. Wodikira kuti amve ululu kaye amakhala wachedwa.

Njira yofala m'zipatala zathu ndi ya viniga, imene achipatala amaitcha VIA. Imachitika kwaulere m'zipatala za boma monga cha Chikwawa ndi cha Nsanje, ndipo m'zipatala zazing'ono funsani kwa anamwino a zakulera kapena a ku ART za tsiku limene amayeza. Ndi ya amayi a zaka 25 mpaka 49. Mumagona chagada pa bedi m'chipinda chotseka. Namwino amalowetsa kachida kotsegulira njira kuti aone khomo la chiberekero ndi tochi. Amapukuta, kenako amapaka viniga wa mphamvu ya 3 mpaka 5 peresenti ndi thonje, n'kudikira mphindi imodzi yathunthu. Malo amene maselo ayamba kusintha amayera mbuu, ndipo malire ake amaoneka bwino. Malo abwinobwino amakhalabe ofiirira. Zonse zimatha m'mphindi zosapitirira khumi ndipo zotsatira mumazimva pompo. Kachidako kamamveka kuzizira ndipo viniga amanyerenyetsa pang'ono. Mukapuma mozama ndi kumasula ntchafu, sikapweteka. Mphekesera yakuti amatulutsa chiberekero, kuchitsuka n'kuchibwezera ndi yabodza. Chiberekero sichikhudzidwa n'komwe, ndipo kuyezetsa sikutseketsa kubereka.

Pitani musali kumwezi, chifukwa magazi amaphimba malo ofunika kuonedwa. Musaike mankhwala azitsamba, nsalu kapena china chilichonse kumaliseche masiku oyandikira, ndipo kunena zoona zouma ndi zothina zimenezi si zabwino nthawi ina iliyonse: zimachekacheka khungu la m'kati n'kutsegulira njira HPV ndi HIV. Amene wangobereka kumene adikire masabata 6. Ngati pali matenda opatsirana pogonana amene atupitsa khomo, amayamba akupatsani mankhwala, inu ndi bambo omwe, n'kukuuzani tsiku lobwerera. Kwa amayi opitirira zaka 50, malo aja amakhala atalowa m'kati moti viniga saonetsa bwino. Iwowa amathandizidwa ndi kuyeza kachilombo ka HPV kapena Pap smear, njira yoyeza maselo a pa khomo la chiberekero, kumene zilipo. M'zipatala zina mayi amapatsidwa kamtengo ka thonje kuti adzitenge yekha chikazi choti akayeze HPV, ndipo ndi njira yodalirika.

Zotsatira zimakhala zitatu. Ngati palibe choyera, mudzabwerenso pakatha zaka zitatu, ndipo amene ali ndi HIV amabwerera msanga kuposa pamenepo, pa tsiku limene namwino walemba m'buku la kuchipatala. Ngati paoneka choyera, imeneyo si khansa. Tikubwereza chifukwa amayi ambiri amalira pamenepa: si khansa, ndi malo amene akanadzasanduka khansa akanasiyidwa. Ngati malowo akuoneka onse, sanalowe m'kati ndipo sanapitirire magawo atatu mwa anayi a khomo, amawotchedwa tsiku lomwelo ndi kachida kotenthetsedwa kufika madigiri 100, kamene amakagunditsa pamalopo kwa masekondi 20 mpaka 40. Mumamva kupotokola ngati kwa msambo, basi. Malo aakulu amatumizidwa kuti akadulidwe ndi kawaya ka magetsi, njira yotchedwa LEEP. Chotsatira chachitatu ndi pamene namwino waona chotupa kapena chilonda chokayikitsa. Apo amadula kanyama kakang'ono kuti kakayezedwe, chifukwa maso okha sangagamule kuti ndi khansa.

Mukawotchedwa, mudzatuluka madzimadzi mpaka masabata anayi. Gwiritsani ntchito nsalu yoyera kapena mapadi, musalowetse chilichonse m'kati, ndipo musakhale malo amodzi ndi bambo kwa masabata anayi. Zikakanika, kondomu. Mukamva kutentha thupi, kupweteka kwambiri m'chinena, chikazi chonunkha, kapena magazi ochuluka kuposa a msambo, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo. Pakatha chaka mukayezetsenso kuti aone ngati pachira.

Pamene amayi ambiri amatayikira ndi pa nkhani ya masabata anayi odziletsa amenewa. Mayi amamva kuti paoneka choyera, amati ndikayambe ndawauza abambo kunyumba, ndipo sabweranso. Njira yabwino ndi kukambirana musananyamuke, kuti mukapezeka ndi vuto muthandizidwe ulendo womwewo. Abambo, mwezi umodzi wodziletsa ukuteteza mayi wa ana anu ku matenda amene akafika patali amawononga chikhodzodzo ndi matumbo. Ankhoswe ndi anankungwi ali ndi mawu pa nkhani za kuchipinda, ndipo atati aziphunzitsa zimenezi, amayi ambiri akanabwerera. Nyengo nayonso iganiziridwe. Madzi osefukira a 2015, a 2019, a namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anadula misewu, ndipo anthu a ku Makhanga ndi madera ena a tsidya la kum'mawa kwa Shire anatsala opanda njira. Yezetsani m'chilimwe, pakati pa Meyi ndi Okutobala, kuti mukatumizidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre msewu ukhale wodutsika. Buku la kuchipatala ndi kalata yotumizira zisungidwe mu jumbo yomanga bwino, pamalo okwera.

Pali chinthu china cha kuchigwa kuno chimene chimasokoneza, ndipo sichikambidwa mokwanira: likodzo la kumaliseche. Tizilombo ta likodzo timatuluka mu nkhono za m'madzi odekha, timaboola khungu, ndipo mazira ake samangokhala m'chikhodzodzo ayi. Amakakhazikikanso pa khomo la chiberekero ndi m'njira yoberekera, n'kupanga timadontho tachikasu tokhakhala totuluka magazi tikakhudzidwa. Mayi amamva kuyabwa, kupweteka pogonana, amatuluka chikazi ndi magazi, ndipo mkodzo ukhoza kukhala woyera bwinobwino. Ambiri amamwa mankhwala a matenda opatsirana pogonana mobwerezabwereza osachira, m'banja n'kubuka kukayikirana kopanda maziko. Likodzo limeneli likhoza kulepheretsa kutenga pakati ndipo limachititsa kuti HIV ilowe mosavuta. Pokayezetsa, uzani namwino ngati mumachapa, kuwedza kapena kulima m'madzi a m'dambo ndi m'ngalande. Mankhwala ake ndi praziquantel, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, kumwa mutadya. Amapha tizilombo koma zipsera zakale sizichoka msanga, n'chifukwa chake atsikana asamathawe mankhwalawa akamagawidwa kusukulu. Komanso musadzigamule nokha kuti magazi anu ndi a likodzo. Likodzo ndi khansa zikhoza kukhala mwa munthu mmodzi.

Zizindikiro izi sizidikira tsiku la kuyeza: magazi mukatha kukhala malo amodzi, magazi pakati pa msambo ndi msambo, magazi ngakhale dontho limodzi kwa mayi amene anasiya kusamba, chikazi chamadzimadzi chonunkha chimene sichikumva mankhwala, kupweteka kwa msana ndi m'chiuno kosatha, kapena kutupa mwendo umodzi. Jakisoni wolera ndi kolera koika pamkono zimasinthadi msambo, koma sizibweretsa khansa ya khomo la chiberekero, ndipo si chifukwa chokanira kuonedwa. Pemphani kuti akuoneni m'kati ndi maso, osangolandira mapiritsi pawindo. Khansa yopezeka ikadali pa khomo pokha imachizika ndi opaleshoni yochotsa chiberekero, ndipo ku Queen Elizabeth bungwe la madokotala la MSF linayamba kuthandiza pa matendawa mu 2018. Ngakhale yafika patali, chithandizo chochepetsa ululu, magazi ndi fungo chilipo, kuphatikizapo morphine wakumwa, choncho wodwala asabisidwe m'nyumba.

Mawere nawo aonedwe ulendo womwewo, pemphani namwino. Kunyumba dziyezeni kamodzi pamwezi, patatha masiku ochepa msambo utatha. Imani muone ngati bere lina lasintha maonekedwe, khungu lachita tizibowo ngati khoko la lalanje, kapena nsonga yalowa m'kati. Kenako gonani chagada, dzanja limodzi kumutu, ndipo ndi zala zitatu zapakati za dzanja linalo sisitani bere lonse mozungulira mpaka m'khwapa. Chotupa cha khansa nthawi zambiri chimakhala cholimba ndi chosapweteka, ndipo kusapwetekako ndi kumene kumanyenga anthu. Woyamwitsa amene chotupa chake sichikutha pakadutsa masabata awiri, kapena aliyense amene nsonga ya bere ikutuluka magazi, apite kuchipatala. Kutema mphini pa chotupa kumangochedwetsa ndi kuyambitsa chilonda.

Kwa ana athu aakazi pali katemera wa HPV. Anayesedwa koyamba ku Rumphi ndi ku Zomba mu 2013, ndipo anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu Januwale 2019 kwa atsikana a zaka 9. Amagwira bwino ntchito akabayidwa mtsikana asanayambe zogonana, n'chifukwa chake WHO imalimbikitsa zaka 9 mpaka 14. Amabayidwa pamkono, pamapweteka tsiku limodzi kapena awiri, ndipo saletsa kubereka. Mtsikana amene sali pasukulu, kapena amene anaphonya chifukwa banja linali kumsasa wa othawa madzi, mupite naye kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lanu. Wobayidwa katemerayu adzafunikabe kuyezetsa akadzafika zaka 25, chifukwa katemera sateteza ku mitundu yonse ya HPV.